Mitu Yobisika M'khoma

Denga la nkhokwe salimangira m'mwamba. Amalimangira pansi, pabwalo, ndipo likatha mwini wake amayenda khomo ndi khomo kumema amuna anzake kuti adzamuthandize kulikweza. Amalizungulira, kuwerama, kulowa kunsi kwake, wina n'kupereka chizindikiro, onse n'kudzuka nalo nthawi imodzi. Ukakhala patali umangoona denga likuyenda ndi miyendo yambirimbiri. Amene adaonapo zimenezi safuna womumasulira mwambi woti mutu umodzi susenza denga. Koma amene adalowapo kunsi kwa dengalo amadziwa zina zimene mwambiwo sutchula. Amadziwa kuti pakakhala munthu wamfupi amene mutu wake sukufika pa phaso, gawo lake amasenza ndi oyandikana naye. Amadziwa kuti wina akaponda pofewa n'kutitimira, denga lonse limapendekera komweko. Amadziwanso kuti ngakhale mutachuluka chotani, alipo madenga ena amene sasenzedwa pamutu.

Mwambiwu timaunena pamaliro, paukwati, pamisonkhano ya chitukuko, ndipo nthawi zonse timaukokera ku mgwirizano. Sindikutsutsa. Koma ine ndimamvamo kanthu kena kamene kamayamba mgwirizano usanafike, koti mutu uli ndi polekezera. Makolo sadaunyoze mutu. Adauyesa, n'kupeza pamene umathera mphamvu, n'kunena poyera. Ndi maganizo amenewa ndikufuna tilowe m'hadiweya, tifike pamene pamakhala timapaketi ta mapulagi a pakhoma, tija ta pulasitiki totalika masentimita 3 kapena 4 timene wogulitsa amatapa m'katoni osayang'ana n'komwe.

Yang'anani m'nyumba iliyonse ya njerwa imene muli magetsi. Ndodo ya makatani, galasi la kubafa, bokosi la maswitchi, mapaipi a mawaya oyenda pakhoma, shelefu ya kukhitchini, chithunzi cha ukwati, wailesi ya kanema imene masiku ano sitikuiikanso pa kabati: zonsezi zapachikika pa timapulagi timene palibe amene amationa. Tikalowa m'khoma sitituluka. Mwini nyumba amadziwa mtundu wa penti yake ndi mtengo wa matailosi ake, koma mufunseni chimene chagwira shelefu imene ili pamwamba pa mutu wa mwana wake, sayankha.

Vuto limene kapulagi kadabwera kudzathetsa ndi lakale. Sikuluwu ikamalowa m'thabwa imadzidulira yokha njira, ndipo ulusi wa mtengo umafinya mazinga ake n'kuigwira. Njerwa sichita zimenezo. Ilibe ulusi. Mukaizungulizira chitsulo imangofumbutuka, ndipo mukakhomamo msomali, mwina msomali upindika, mwina njerwa ing'aluka. Amisiri akale ankasema khoma ndi tchizulo, n'kukhomeramo kachipika ka mtengo, kenaka n'kumanga sikuluwu mu mtengomo. Njirayi kwathu kuno ikadalipo. Imagwira ndithu kwa kanthawi, koma mtengo ndi wamoyo ngakhale utauma: m'dzinja umamwa chinyontho n'kufufuma, mu Okutobala umauma n'kuchepa, ndipo ukabwereza kangapo umayamba kugwedera m'bowo lake. Chiswe nacho sichiusiya. Kuwonjezera apo, kusemako kumagumula khoma malo aakulu kuposa kanthu kamene mukufuna kupachika.

Kugumula kumeneku n'kumene kudavutitsa John Joseph Rawlings, amene pamodzi ndi m'bale wake anali ndi kampani yaing'ono ya mipope ndi magetsi ku London. Mbiri ya kampaniyo imati adapatsidwa ntchito yoika zipangizo zamagetsi ku British Museum, malo osungirako zinthu zakale, kumene eni ake sankafuna kuti makoma awo asemedwe mwachisawawa. Rawlings adapanga kachubu ka ulusi wa jute, ulusi womwe uja amapangira ziguduli, woumbidwa ndi guluu kapena magazi a nyama. Ankaboola kabowo kozungulira, kulowetsamo kachubuko, ndipo sikuluwu ikamalowa pakati pake kankafufuma n'kukanikiza khoma. Adalembetsa luso lakeli mu 1911, ndipo kuyambira mu 1919 kampaniyo idatenga dzina la Rawlplug, limene lilipo mpaka lero.

Pulagi imene tikuidziwa ifeyi idabwera patapita zaka pafupifupi 50. Nayiloni adaipanga koyamba mu 1935 ku kampani ya DuPont ku America, motsogozedwa ndi Wallace Carothers, ndipo mtundu wina wake adaupeza Paul Schlack ku Germany mu 1938. Anthu adayamba kuidziwira pa miswachi ndi masokosi a amayi. Amene adailowetsa m'khoma ndi Artur Fischer, wobadwa mu 1919 m'mudzi wa Tumlingen, kum'mwera chakumadzulo kwa Germany, munthu amene adaphunzira ntchito ya zitsulo n'kudzatsegula kampani yake mu 1948. Mu 1958 adatulutsa kapulagi kotuwa ka nayiloni, kong'ambika pakati, ka timano m'mbali ndi timapiko tiwiri toletsa kuti kasazungulire limodzi ndi sikuluwu. Fischer adamwalira mu 2016 ali ndi zaka 96, atalembetsa maluso oposa 1,100, koma dziko limamukumbukira ndi kanthu kaja kotsika mtengo kuposa zonse zimene adapanga.

Kagwiridwe kake n'kosavuta kumvetsa, ndipo ndi bwino kukamvetsa, chifukwa zolakwika zonse zimachokera pomwepo. Pulagi ilibe guluu. Siimata. Sikuluwu ikamalowa imakankha mbali ziwiri za pulagi kuti zikanuke, nayiloni n'kupanikizika pakati pa chitsulo ndi njerwa. Popeza ndi yofewa kuposa zonse ziwiri, mkati mwake imalola mazinga a sikuluwu kudindamo, ndipo kunja kwake imalowerera m'timaenje ndi m'timizere ta njerwa. Chimene chagwira shelefu yanu ndi kupanikizana kumeneko basi. Kukachepa, palibenso china chotsala.

Choncho chinthu choyamba si pulagi ayi, koma bowo. Pulagi ya mamilimita 6 imafuna biti ya mamilimita 6, ya 8 imafuna ya 8. Mapulagi ena amabwera ndi mitundu yosonyeza kukula, monga amachitira ku Britain, kumene yachikasu ndi yaing'ono, kenaka yofiira, yabulauni, ndi yabuluu imene imafuna bowo la mamilimita 10. Bowo likakula ndi milimita imodzi yokha, pulagi imakanuka m'malere, osafika pakhoma mokwanira, ndipo mudzaimva ikuzungulira limodzi ndi sikuluwu. Bowo limakula m'njira zambiri: biti yopindika, dzanja logwedera, kapena kutsegula kuhamala kwa dirilo pa njerwa yofewa imene ikadabooleka bwinobwino ndi kuzungulira kokha. Liyeneranso kuzama kuposa pulagiyo ndi pafupifupi sentimita imodzi, kuti nsonga ya sikuluwu ipeze kopita. Sikuluwuyo iyenera kudutsa pulagi yonse mpaka nsonga itulukire kumapeto, chifukwa kumapetoko n'kumene pulagi imakanukira kwambiri. Sikuluwu yaifupi imangosewera pakhomo. Yopyapyala kwambiri imalowa mosavuta, munthu n'kumasangalala kuti ntchito yayenda, chonsecho siinakankhe kanthu.

Ndiye pali fumbi. Mukaboola, fumbi lambiri limatsalira mkati, ndipo mukalowetsa pulagi osalichotsa, nayiloni imakanikiza ufa m'malo mokanikiza njerwa. Ufa umatsetsereka. Kupemerera m'bowo ndi kapaipi, nkhope mutayang'ana kumbali, sikutenga mphindi, koma ndi apa pamene amisiri ambiri amadumpha, chifukwa palibe amene adzaone. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo bowo nalo limauza zambiri munthu wodekha.

Ndimakonda kuyang'ana mmisiri wodziwa ntchito akamaboola khoma limene sakulidziwa. Sayang'ana dirilo. Amayang'ana fumbi limene likutuluka. Poyamba limatuluka lotuwa, la pulasitala, ndipo biti imalowa mosavuta. Kenaka mtundu umasintha. Likakhala lofiira kwambiri ndipo dirilo yayamba kulira mokakamira, nkhope yake imamasuka, chifukwa wapeza njerwa yopsa bwino. Likakhala lofiirira mofooka, la ufa wosalala, biti n'kumalowa popanda kukana, amadziwa kuti njerwayo inali kumphepete kwa uvuni kumene moto sudafike mokwanira. Likatuluka dothi lenileni, wagwera pamzere wa matope pakati pa njerwa ziwiri, ndipo amasiya pomwepo n'kusuntha pang'ono. Nthawi zina biti imakana kwa masentimita awiri kapena atatu, kenaka n'kungoti phulu, kulowa yonse: ndi buloko la simenti la mphako. Munthu ameneyu sadaphunzire zimenezi m'buku. Amatenga fumbi lija pang'ono, kulifikisa pakati pa zala ziwiri, kenaka n'kupita ku chikwama chake kukasankha pulagi. Sasankhiratu asanaboole.

Apa ndi pamene nkhani yathu imasiyana ndi ya kumene mapulagiwa amapangidwa. Manambala olembedwa papaketi, osonyeza kulemera kumene pulagi ingapirire, amawapeza poyesa mu konkire ndi mu njerwa zopangidwa ku fakitale, zimene mphamvu yake imadziwika. Makoma ambiri a m'matauni athu ndi a njerwa zoumba pamanja, zowotcha ndi nkhuni, ndipo mu uvuni umodzi mumatuluka zina zolira ngati chitsulo, zina zoti mutha kuzikanda ndi chikhadabo. Ambiri amamangira matope, n'kupaka pulasitala wa simenti kunja. Pentiyo ikauma, khoma lililonse limaoneka lolimba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo pulasitalayo amanamiza m'njira inanso. Akakhala wochindikala mamilimita 15 kapena 20, monga zimakhalira pamene womanga akuwongola khoma lokhota, pulagi yotalika mamilimita 30 imakhala kuti theka lake kapena kuposerapo lathera mu pulasitala, ndipo pulasitala sasenza kanthu. Pakhoma lotere pamafunika pulagi yaitali, kapena kuikankhira mkati kuti ikakhale yonse mu njerwa, sikuluwu nayo n'kutalika mofanana. Pa matailosi n'chimodzimodzi: pulagi ikakanukira mu tailosi imaling'amba, choncho iyenera kupitirira.

Makoma athu akusinthanso. Mu 2018 boma la Malawi lidakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma ndi zamalonda, pofuna kuteteza mitengo, ndipo mabuloko a simenti achuluka ngakhale pa nyumba za anthu wamba. Chimenechi n'chabwino, koma buloko lili ndi khalidwe lake. Mkati mwake ndi mphako, ndipo khungu lake ndi lopyapyala. Pulagi wamba imagwira pakhungu pokhapo, mbali yake yokanuka kwambiri ili lende m'mphako. Mukaboola ndi kuhamala, kuseri kwa khungulo kumagumuka, n'kutsala kachigawo kochepa zedi. Opanga mapulagi adaliona vutoli kalekale, n'kupanga mtundu wina umene sikuluwu ikamamangidwa umapindika n'kupanga mfundo kuseri kwa khungulo, kotero kuti sudalira kupanikiza kokha koma umakola. Mapulagi otere amapezeka, ngakhale ndi okwererapo mtengo. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti tasintha khoma koma m'chikwama cha mmisiri mudakali mapulagi a khoma lakale. Nanga zidina? Pa njerwa yosawotcha pulagi ilibe chokanikiza. Kumeneko nzeru ya makolo yoika thabwa kapena mtengo m'khoma pomanga, kuti mudzakhomemo pambuyo, ikadali yoposa chilichonse cha m'sitolo.

Pulagiyonso payokha si yonse imene ili ya nayiloni. Yambiri yotsika mtengo ndi ya mapulasitiki ena ofewa, a mtundu umene amapangira zidebe ndi majumbo. Pamaso imafanana. Kusiyana kwake kumaoneka pakapita nthawi, chifukwa pulasitiki yofewa ikapanikizidwa imagonja pang'onopang'ono, mphamvu yokanikiza khoma n'kumachepa, pamene nayiloni imalimbikira kwa zaka zambiri ndipo imapirira kutentha kwambiri. Ilipo njira yoyesera imene aliyense angathe: ponyani pulagi m'kapu ya madzi, mugwedeze kuti mpweya utuluke. Nayiloni ndi yolemera kuposa madzi, imamira. Mapulasitiki ofewa aja amayandama. Sindikunena kuti yoyandama ndi yotaya, pakuti pa kalendala kapena kachithunzi imakwanira. Ndikunena kuti wogula ayenera kudziwa chimene wagula, ndipo wogulitsa amene amasakaniza mitundu iwiriyi m'katoni imodzi akuchimwira anthu amene sadzawaona.

Tsono tifike pa katundu. Bowo likhale labwino, khoma lolimba, nayiloni yeniyeni, pulagi yaing'ono idakali yaing'ono. Mu konkire ingapirire makilogalamu makumi angapo, mu njerwa yofewa kachigawo chabe ka pamenepo. Komanso zimatengera kumene katunduyo akukokera. Galasi lomatirira kukhoma limakokera sikuluwu pansi, mopingasa bowo, ndipo kumeneko pulagi ndi yamphamvu, chifukwa chitsulo chatsamira pa njerwa. Shelefu ndi nkhani ina. Katundu wake amakhala patali ndi khoma, ndipo amayesa kuzula sikuluwu yapamwamba molunjika, njira yomwe idalowera. Katundu akatalikira khoma, kuzulako kumakula. N'chifukwa chake wailesi ya kanema imene yakhala bwinobwino itamatirira kukhoma imatha kugwa tsiku limene mwaikokera kutsogolo pa chitsulo chake chopindika: kulemera sikunasinthe, koma dzanja lozula latalika. Sinki nayo imayesedwa ndi madzi okha, kuiwala kuti tsiku lina munthu wodwala adzatsamirapo ndi thupi lonse. Ndipo choipitsitsa ndi kupachika kudenga, kumene kulemera konse kumakoka mozula usana ndi usiku. Fani ya kudenga imawonjezerapo kunjenjemera, kumene kumapera njerwa kapena konkire mozungulira pulagi pang'onopang'ono. Fani siyenera kudalira pulagi ya pulasitiki, ngakhale itagwira chotani tsiku loyamba.

Akatswiri a ku Ulaya atakhala pansi kulemba malamulo oyesera mapulagi a pulasitiki, adafika pamene makolo athu adafika. Chikalata chawo cha mu 2006, chotchedwa ETAG 020, chimanena zinthu ziwiri pamutu pake penipeni. Choyamba n'chakuti mapulagiwa ndi ogwira ntchito ali ambiri: chinthu chizigwiridwa pamalo osachepera atatu, kuti imodzi ikafooka kapena kutsetsereka, katundu wake apite kwa zinzake popanda chinthucho kugwa. Sakhulupirira pulagi imodzi, ngakhale yopangidwa bwino, chifukwa palibe amene amaona mkati mwa bowo. Chachiwiri n'chakuti si ogwirira mbali zimene zanyamula nyumba. Angagwire mafelemu, matabwa okuta khoma, mapaipi, koma osati mtanda kapena chilichonse chimene chikagwa nyumba imagwa nayo. Mutu umodzi susenza denga, inde. Koma mitu ina, ngakhale ichuluke, denga si lake.

Mfundo yachiwiriyi ndi imene timaiphonya tikamathamangira kumva mwambi uja ngati nyimbo ya mgwirizano chabe. Kuchuluka kumathandiza pamene kufooka kwa mmodzi kuli kwa iye yekha. Onse akakhala ndi nthenda imodzi, amagonja pamodzi. Pa 10 Julaye 2006, mu msewu wapansi panthaka mumzinda wa Boston ku America, zidutswa za konkire za kudenga zolemera matani pafupifupi 26 zidagwera galimoto, n'kupha mayi amene adakweramo. Zidutswazo zidapachikidwa pa mabawuti ambiri, omatidwa m'mabowo ndi guluu wa epoxy. Sanali mapulagi a nayiloni, koma phunziro lake limatikhudza. Ofufuza adapeza kuti guluuyo anali wa mtundu umene umagwira mwamphamvu ukakokedwa kwa kanthawi, koma ukakokedwa osalekeza umatamuka pang'onopang'ono kwa zaka. Mabawuti onse ankatsika limodzi. Panalibe mnzake woti alandire katundu, chifukwa mnzakeyo naye anali kugonja.

Moto umachitanso chimodzimodzi. Nayiloni imasungunuka kutentha kukapitirira madigiri 200, koma imafewa kale isanafike pamenepo, ndipo moto wa m'nyumba umapitirira apo kutali. Mu 2010, pa moto wa m'nyumba yosanja ya Shirley Towers ku Southampton, ozimitsa moto awiri adamwalira, ndipo china chimene chidasokoneza ntchito yopulumutsa ndi mawaya amene adagwa n'kulendewera zogwirira zake za pulasitiki zitasungunuka. Malamulo a mawaya a ku Britain adasinthidwa pambuyo pake, ndipo kuyambira m'buku la mu 2018 amafuna kuti mawaya m'nyumba monse agwiridwe mwanjira yoti asagwe msanga moto ukabuka. Amisiri a magetsi amene amayendetsa mawaya m'makonde a sukulu, zipatala ndi nyumba zogona alendo ayenera kuiganizira nkhaniyi, chifukwa khonde ndi njira imene anthu amathawira mu utsi, ali osaona.

Pa zonsezi, chinthu chikagwa pakhoma mawu oyamba amakhala akuti mapulagi a masiku ano ndi achabechabe. Nthawi zina n'zoona. Koma mukatola chagwacho mudzaona nokha. Pulagi ikatuluka yosalala, yopanda zipsera, itavala ufa, bowo linali lalikulu kapena lafumbi. Ikatuluka ndi chibulumwa cha pulasitala kapena njerwa, khoma ndi limene lagonja, pulagi idagwira mpaka mapeto. Ikatsala m'khoma sikuluwu yokha n'kusololoka, sikuluwuyo inali yaifupi kapena yopyapyala. Ndipo kawirikawiri mudzapeza timitengo ta machesi titatu kapena tinayi tothyoledwa, timene wina adasokeramo ataona kuti pulagi ikuzungulira. Timitengo timeneti timandipweteka mtima kuposa zonse, chifukwa timasonyeza kuti munthuyo adadziwa. Dzanja lake lidamuuza kuti sizinagwire, iye n'kusankha kubisa. Chonsecho mankhwala ake ndi apafupi: kukulitsa bowo ndi biti yotsatira n'kuika pulagi yokulirapo, kapena kusiya bowolo n'kuboola pena, patali ndi mphepete mwa njerwa, atayamba waganizira kumene mawaya ndi mapaipi a madzi adutsa m'khomamo.

Sindikufuna kuika mlandu wonse pa amisiri. Ife eni nyumba timawakankhira ku chinyengo. Timalipira mosanyinyirika zimene zimaoneka, n'kumatsutsa mtengo wa zimene zimabisika. Timagula tokha mapulagi otchipa kwambiri, kumupatsa mmisiri m'jumbo, n'kumuuza kuti amalize dzuwa lisanalowe. Akanena kuti khoma ili silingagwire, timamuyesa waulesi kapena wofuna kukweza mtengo, n'kuitana wina amene sakana. Ndipo wosakanayo amapezeka nthawi zonse.

Ndidaonapo mmisiri wa mipope akukana. Kunali ku nyumba ina yatsopano ya mabuloko, kumene mayi mwini nyumba adagula giza ya malita 100 ndipo ankafuna ipachikidwe pakhoma la kubafa. M'katoni munali zitsulo zopachikira, ndipo mayiwo adagulanso mapulagi aakulu, abuluu. Mmisiriyo, bambo wachikulire wa tsitsi la imvi, adaboola bowo limodzi, biti n'kugwera m'mphako. Adalowetsamo kawaya kopinda kunsonga, kukoka mpaka kakole kuseri, n'kuika chala pamene pulasitala wathera. Adawaonetsa mayiwo kutalika kwake.

"Mayi, chogwira ndi ichi chokha," adatero. "Madzi okhawo ndi makilogalamu 100, tisanawerenge thankiyo. Matumba awiri a simenti, pamwamba pa munthu amene akusamba."

"Koma abambo, anzanu kwa aneba adapachika ndi omwewa, ndipo ilipobe," adayankha mayiwo.

"Ilipo lero, mayi. Ine ndi mapulagi awa ndikupachikirani galasi, chopachikira mataulo ndi kashelefu ka sopo, ndipo mudzakalamba nazo. Koma gizayi ayi. Mukafuna wina aichite, ndinu eni nyumba, koma dzanja langa lisakhalepo."

Sadalekere pa kukana. Adawafotokozera njira zimene zinalipo: kuwotcherera chitsulo choima pansi kuti kulemera kutsikire pa simenti, kuika thankiyo pa matabwa olimba odutsa pamwamba pa makoma awiri, kapena kuboola khoma mpaka kuseri, kudutsitsa mabawuti aatali, n'kuika chitsulo chophwatalala kuseriko kuti katundu agawike pa mabuloko angapo. Mayiwo adakhala chete kwa kanthawi, akuwerengera. Kuseri kwa khomalo kunali chipinda cha ana, ndipo sadakonde zoti kuoneke zitsulo. Adafunsa mtengo wa njira iliyonse, adanyinyirika, adaimbira foni amuna awo amene anali ku Johannesburg, n'kumupatsa mmisiriyo foniyo kuti afotokozenso zonse kuyambira pachiyambi. Pamapeto pake adasankha chitsulo choima pansi. Ntchito imene inkayenera kutha tsiku lomwelo idadikira wowotcherera mpaka sabata yotsatira, ndipo mapulagi abuluu aja mmisiriyo adatengapo anayi n'kupachikira shelefu ya kukhitchini, pa khoma lina limene adayamba waliboola kuti aone fumbi lake.